Lipoti la nkhani: kudzutsa ntchafu ya mlimi wa ku Bembeke ndi mchenga, chubu cha njinga ndi sikelo ya pamsika

Lipotili ndalembera anzanga a mafizo, ma clinical officer a mafupa, anamwino a m'mawodi ndi azaumoyo a m'midzi, amene amalandira anthu otuluka m'chipatala fupa litagwirana koma mwendo usanabwerere pantchito. Eni nkhaniyi anavomera kuti ilembedwe. Tikakumana ndinkawaitana ndi mfunda wawo, monga mwa ulemu wa kuno, koma pano ndingoti bambowa, ndipo mudzi wawo sinditchula.

Mmene zinayambira

Ndi bambo a zaka 44, mlimi wa kachewere ndi kabichi kudera la Bembeke, m'boma la Dedza. Shuga alibe, bipi ili bwino, fodya sasuta. Mu February, mvula ili pakati, ankatsika ndi njinga yakapalasa atamangirira thumba la kachewere kuti akagulitse kumsewu wa M1. Njinga inaterereka m'matope, iwo anagwera m'ngalande, thumba n'kuwatsamira pantchafu ya kumanja. Fupa la ntchafu linathyoka pakati, koma silinaboole khungu.

Anagonekedwa pachipatala china, kumene anawalowetsa kachitsulo m'fupa la kunsi kwa bondo n'kumangirira zolemera kumiyendo kwa bedi kuti mwendo uzikokedwa, fupa likhale m'malo mwake. Imeneyi ndi skeletal traction. Akuluakulu ambiri othyoka ntchafu m'maboma mwathu akuthandizidwabe motero, chifukwa opaleshoni yolowetsa chitsulo m'kati mwa fupa imapezeka makamaka kuzipatala zazikulu, monga Kamuzu Central ndi LION ku Lilongwe. Anakhala chigonere masabata 8, kenaka anapatsidwa ndodo ziwiri n'kupita kumudzi. Kumeneko anatha mwezi wina wathunthu ali pamphasa pakhonde, mwendo atauwongola, akuopa kuti akaupinda fupa lithyokanso. Anafika kwa ine mu May, patadutsa masabata 13 chichitikireni ngozi, atatumizidwa ndi clinical officer wa mafupa amene anawaunika tsiku lomwe anapita kukaonedwanso kuchipatala.

Zimene ndinapeza

Analowa m'chipinda atakolekera thupi lonse pandodo, phazi la kumanja likungokhudza pansi ngati aponda pamoto. Akazi awo anali pambuyo atanyamula chikwama cha mapepala. X-ray yatsopano inaonetsa fupa latsopano litazungulira bwino pothyokapo, ndipo a mafupa analemba kuti atha kuyamba kuponda pang'onopang'ono kufikira kulemera konse. Ndinagwira ntchafu n'kuyesa kuigwedeza pothyokapo, sipanasunthe ndipo sipanapweteke. Mabala a kachitsulo anali atapola, opanda mafinya. Katumba sanali wotupa kapena wotentha, zomwe ndimayang'ana nthawi zonse mwa munthu wogona nthawi yaitali poopa magazi oundana m'mitsempha.

Vuto linali pabondo ndi minofu. Ndi goniometer, chida choyezera kupinda kwa mfundo, bondo linkapinda madigiri 55 akamapinda okha, 65 ndikawathandiza, pomwe la kumanzere linkafika 140. Kafupa ka patsogolo pa bondo, kamene timakatcha patella, kanali kouma, kosasuntha m'mwamba ndi m'munsi. Atakhala m'mphepete mwa bedi ndinawauza kuti awongole mwendo. Anakukuta mano, thukuta linatuluka pamphumi, koma mwendo unaima kutatsala madigiri 20 kuti uwongoke, ngakhale kuti ine ndikaunyamula unkawongoka wonse. Ndiye kuti mfundo inali ndi njira, mnofu ndi umene unalibe mphamvu yomalizira. Pa muyeso wa mphamvu ya minofu wa 0 mpaka 5 wa Medical Research Council, umene ena amautcha Oxford, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu sinakwane 3. Ya m'mbali mwa thako, imene imagwira chiuno munthu akaima ndi mwendo umodzi, inali pa 3.

Ndinayeza ntchafu ndi tepi ya telala, masentimita 15 kuchokera pamwamba pa patella. Ya kumanja 41, ya kumanzere 47. Buluku linkangolendewera mbali imodzi. Mwendo wovulalawo unali utafupika ndi sentimita imodzi ndi theka. Pa mpando wamba, m'masekondi 30 anaimirira ka 4 kokha, nakonso mokankha ndi manja. Ululu ankauika pa 4 mwa 10, ndipo unali wa m'bondo, osati pothyoka.

Chimene iwo ankafuna

Ndinafunsa kuti, "Bambo, mwendowu ukachira mukufuna uzikuchitirani chiyani?" Anayamba atchula dimba, kenaka njinga. Chachitatu anachinena akazi awo, motsitsa mawu, bambowa akuyang'ana pansi. Chitulukireni m'chipatala ankalephera kunjuta m'chimbudzi, moti ankathandizidwa ndi ndowa m'nyumba, ndipo mayiwo ndiwo ankakataya ana asanadzuke.

Ndimaona kuti apa ndi pomwe mabuku athu ambiri amatisiya panjira. Kuti munthu ayende pamalo osalala, bondo limafuna kupinda madigiri pafupifupi 60. Kukwera masitepe ndi kukhala pampando kumafuna cha m'ma 90. Wodwala wa kunja akafika 100 kapena 110 amatha kukhala moyo wake wonse osadandaula. Koma kunjuta kumafuna kupitirira 130, ndiponso minofu yoti imudzutse munthu kuchokera pansipo. Mlimi wa ku Bembeke amanjuta m'chimbudzi, amakhala pansi pamaliro, amawerama tsiku lonse pokumba kachewere, ndipo njira zake zonse ndi zokwera ndi zotsetsereka. Choncho tinagwirizana zitatu: chimbudzi, njinga, dimba. Ndinawauza poyera kuti choyambacho mwina sitidzachipeza chonse.

Masabata 5 oyamba: kupinda, kudzutsa mnofu, mchenga

A mafizo m'dziko muno tidakali ochepa. Digiri yake inayamba ku College of Medicine mu 2010, komwe lero ndi ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), ndipo m'boma lonse mumapezeka anthu owerengeka. Kuwonjezera apo, ulendo uliwonse wa bambowa unkafuna ndalama ya kabaza ya anthu awiri. Tinapangana kuti azibwera kamodzi pa masabata awiri, ntchito yeniyeni izichitikira kunyumba, mayiwo ali mboni. Ndinawauza kuti agule kope la ana a sukulu loti azilembamo chizindikiro tsiku lililonse akachita.

Pofewetsa bondo, ndinaphunzitsa mayiwo kukankha patella ndi zala zazikulu m'mwamba, m'munsi ndi m'mbali. Bambowa ankagona chagada pamphasa, chitenje atachikoleka kuphazi, n'kumakoka chidendene kuti chiyandikire thako, kugwira masekondi 30, kubwereza kasanu, katatu patsiku. Ndinaletsa mwamphamvu kuti wina aliyense asawakanikize mwendo mokakamiza. Kumudzi sikusowa wachibale wamphamvu wonena kuti "tingolithyola kamodzi liwongoke", ndipo fupa longogwirana kumene likhoza kuthyokadi. Chifukwa Dedza mu June kumazizira koopsa, tinasuntha mafizo a m'mawa kuti azichitika dzuwa litakwera, atayamba afunditsa bondo ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda.

Podzutsa mnofu tinayamba popanda cholemera chilichonse: kukanikiza kuseri kwa bondo pansi, kuwongola bondo litatsamira pabotolo lokulungidwa m'chitenje, ndi kukweza mwendo atagona chammbali. Sabata yachitatu, kutsalira kuja powongola mwendo kutatsika kufika madigiri 10, tinayamba kuika cholemera.

Njira imene ndinatsata ndi yakale ndithu. Mu 1945 Thomas DeLorme, dokotala wa asilikali a ku America, anaonetsa kuti asilikali ovulala amabwezeretsa mphamvu msanga akamanyamula zolemera zowonjezerekawonjezereka, kusiyana ndi kubwereza zopepuka kambirimbiri. Mu 1948 iye ndi Arthur Watkins anaikonza motere: peza cholemera chimene munthu angachinyamule ka 10 kokha, kenaka achite maulendo atatu, loyamba ndi theka lake, lachiwiri ndi magawo atatu mwa anayi, lachitatu ndi chonse. Mfundo yake ndi yoti mnofu umakula ukapatsidwa ntchito yoposa imene wazolowera, koma yodziwika kukula kwake.

Zolemera za kakolo za m'sitolo ife tilibe. Mayiwo anasoka timatumba kuchokera ku miyendo ya buluku lakale, tinathiramo mchenga wouma n'kuyeza pasikelo ya ana ya kuchipatala: theka la kilogalamu, kilogalamu imodzi, makilogalamu awiri. Kathumba kalikonse kanalembedwa nambala yake. Poyamba ndinamangirira mchengawo pakati pa msongolo, osati pakakolo, chifukwa cholemera chikatalikira bondo chimapinda fupa la ntchafu mwamphamvu, ndipo ndinkafuna fupalo lizolowere pang'onopang'ono. Cholemera chawo cha ka 10 chinali kilogalamu imodzi. Ankachita Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, masiku enawo mnofu upume. Pofika sabata yachisanu anali pa makilogalamu atatu, bondo likupinda 90, ndodo yatsala imodzi. Tepi inkawerengabe 41. Anakhumudwa, koma ndinawafotokozera kuti m'masabata oyamba mphamvu imabwera chifukwa ubongo ndi mitsempha zikuphunziranso kulamula mnofu, kunenepa kwake kumadza pambuyo.

Chubu cha njinga, ndi pamene ndinalakwitsa

Mchenga umagwira ntchito bwino munthu atakhala kapena atagona. Koma minofu ya thako ndi ya kuseri kwa ntchafu ndinkafuna igwire ntchito ali chiimire, ndipo apa pamafunika lamba wotanuka. Malamba a TheraBand amabwera m'mitundu yosonyeza kulimba kwake, kuyambira wachikasu, wofiira, wobiriwira, wabuluu, wakuda mpaka kumtunda, kotero wodwala amadziwa pomwe ali ndi pomwe akupita. Wathu ndi mmodzi yekha, wofiira, ndipo sachoka m'chipinda. Choncho ndinachita zimene ambiri a ife timachita. Ndinawauza kuti akatenge chubu chakutha kwa wokonza njinga, achidule m'litali monga amadulira zomangira katundu, amangirire kumzati wa khonde. Ndinawaonetsa kukankha mwendo chammbali, chakumbuyo, ndi kupinda bondo molimbana ndi lambayo. Kenaka ndinanena mawu amene ndimawakumbukirabe: "Mukaona kuti zapepuka, muwonjezere."

Sindinanene kuti awonjezere chiyani, ndi muyeso wanji, kapena liti. Pamchenga ndinawapatsa manambala, pachubu ndinawasiya ndi maganizo awo.

Anabwera sabata yachisanu ndi chiwiri atabwerera pandodo ziwiri. Bondo linali lotupa, lofunda, madzi akumveka pansi pa patella ndikakanikiza. Kupinda kunatsika kufika 75, kutsalira powongola kunabwerera pa 15, ululu pa 7. Mtima wanga unathamangira kufupa. Ndinawaunika pothyoka paja, panalibe ululu, ndipo a mafupa atajambulanso anapeza fupa lili bwinobwino. Thupi silinatenthe, bondo silinafiire, zizindikiro za matenda a m'mfundo panalibe.

Nkhani yake inatuluka m'kope muja. Zizindikiro za mayiwo zinali tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo, popanda lopuma. Bambowa anati, "Adokotala, ndinaona kuti kachubu kaja n'kamasewera, ndiye ndinapinda pawiri, kenaka ndinatenga chubu cha njinga yamoto." Ankaimanso patali ndi mzati kuti lambayo akokeke kwambiri. Pamwamba pa izo, anthu atayamba kuthirira kachewere wa m'dimba, iwo anatsika kudambo masiku awiri otsatizana kukaona anyamata awo, ulendo wotsetsereka wa pafupifupi theka la ola. Mayiwo anangoti, "Ndinkawauza ine kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ankati a dokotala anena kuti tiwonjezere." Ankanena zoona. Munthu amene banja lake likudya mbewu yosungira sangamve mawu oti "muwonjezere" mofanana ndi mmene ine ndinkaganizira.

Lamba wotanuka amasiyana ndi mchenga pa chinthu chimodzi chachikulu. Kilogalamu ya mchenga imakhala kilogalamu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Lamba amalimba pomwe ukumukoka, ndipo kulimba kwake kumadalira m'lifupi mwake, kutalika kwake, ndi pomwe munthu waima. Kupinda pawiri ndi kuwirikiza katundu, ndipo kusuntha phazi limodzi kuchoka pamzati ndi kuwonjezeranso. Chubu sichifanana ndi chinzake, china n'chokhuthala, china chaphikidwa ndi dzuwa. Tikapereka chubu osachiyeza, tapereka mankhwala opanda mlingo.

Tinapumitsa zolemera zonse masiku 6. Mwendo ankaukweza pamtolo wa zofunda, bondo atalikulunga ndi nsalu yonyowa ndi madzi ozizira a m'mtsuko, akupitiriza kukanikiza bondo pansi ndi kukoka chidendene mofatsa. Ine masiku amenewo ndinabwereka sikelo ya mbedza, ija ogula nyemba ndi soya amapachika pamtengo pamsika. Ndinadula chubu chimodzi kukhala malamba atatu, a masentimita 2, 3 ndi 4 m'lifupi, aliyense wotalika mita imodzi. Mbali imodzi ndinamanga pachitsulo cha zenera, inayo ndinakoleka kumbedza, n'kukoka mpaka mita imodzi ndi theka. Pa chubu chimenecho, woonda anawerenga pafupifupi makilogalamu awiri, wapakati atatu, wamkulu anayi. Manambalawa ndi a chubu chimenecho chokha, wina asawatenge ngati lamulo. Aliyense ayeze chake, ndipo ayezenso pakatha mwezi chifukwa chimatha mphamvu.

Malambawo tinawamanga tinsalu ta mitundu itatu. Kunyumba mayiwo anakhoma chikhomo pansi pomwe phazi la bambowa liziima, kuti mtunda wochoka pamzati usamasinthe. Malamulo ndinawalemba m'kope ndi dzanja langa. Masiku atatu pasabata basi. Kukoka ka 10 mpaka ka 12, maulendo atatu, pobwerera osamangosiya lamba kuti awakoke koma kuwerenga mpaka 3. Akakwanitsa ka 12 maulendo onse atatu pa masiku awiri otsatizana a mafizo, bondo osatupa m'mawa mwake, ndiye apite pa lamba wotsatira, osati kale. Ululu wofika 3 mwa 10 ndi wololedwa ngati watha pofika mawa. Ukapitirira, kapena bondo likatupa, abwerere sitepe imodzi m'mbuyo. Asanayambe aziunika lamba padzuwa kuona ming'alu, azimusunga m'nyumba kutali ndi moto, ndipo asamakokere molunjika kumaso, pakuti chubu chikaduka chimakwapula ngati legeni.

Kuchokera sabata 9 mpaka 18

Kutupa kutatha, zinthu zinayenda mwadongosolo. Tinawonjezera zochita mwendo uli pansi, zomwe zimafanana ndi ntchito zawo: kuimirira kuchoka pampando osagwira, kenaka kuchoka pakampando kafupi, kukwera ndi kutsika panjerwa imodzi, kenaka ziwiri zosanjikiza, ndi kunjuta pang'ono atagwira mzati. Kutsika ndinakulimbikira kuposa kukwera, chifukwa potsetsereka ndi pomwe bondo lofooka limagonja munthu n'kugwa. Zimenezi zitapepuka anayamba kunyamula chigubu cha malita 5 pachifuwa. Madzi ndi osavuta kuwerengera, lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, moti tinkawonjezera lita imodzi imodzi. Wosoka nsapato wa pamsika anamata chidutswa cha tayala cha sentimita imodzi kunsi kwa nsapato ya kumanja. Za chakudya ndinangopempha kuti nyemba, soya, usipa kapena dzira zisamasowe masiku a mafizo.

Njinga yawo yomwe ija inatithandiza kwambiri pabondo. Anaikweza tayala la kumbuyo pamtanda wa matabwa olimba, chishalo atachikweza, n'kumapalasa theka kutsogolo, theka kumbuyo. Kuti pedulo izungulire yonse, bondo limafuna madigiri cha m'ma 105 mpaka 110. Tsiku limene inazungulira koyamba, mu sabata ya 12, mayiwo analemba m'kope ndi zilembo zazikulu. Kuyambira pamenepo tinkatsitsa chishalo pang'ono sabata iliyonse kuti bondo lizipinda mowonjezera.

Pa sabata ya 18, mu September, bondo linkapinda madigiri 125 ndipo ankaliwongola lonse okha. Minofu ya kutsogolo kwa ntchafu inali pa 4, ya thako pa 5. Tepi inawerenga 45, mbali inayo ikadali 47. Cholemera cha ka 10 chinafika makilogalamu 9, pomwe mwendo wabwino umanyamula 14. Pampando anaimirira ka 13 m'masekondi 30 osagwira. Amayenda opanda ndodo, ngakhale akatopa madzulo amatsimphina pang'ono. Njinga amapalasa pamalo osalala popanda katundu, ndipo kudimba amapita tsiku ndi tsiku, kugwira ntchito za chiimire ndi zokhala pakampando.

Kunjuta mpaka pansi sikunatheke. Ndikuganiza kuti minofu inamatirira kufupa pothyoka paja m'masabata amene mwendo unali chiwongolere, ndipo mwezi umene anakhala pakhonde osaupinda unalimbitsa zimenezo. Akanayamba kukanikiza bondo ndi kusuntha patella adakali pabedi, n'kuyamba kupinda atangochotsedwa kachitsulo, ndikukhulupirira tikanapeza madigiri ena. Mwana wawo wamkulu anawaumbira mpando wa njerwa wokhala ndi bowo pamwamba pa chimbudzi, n'kuzika mtengo wogwirira pambali. Ndowa ija inachoka m'nyumba mu July.

Kusiyana kwa makilogalamu 9 ndi 14 kuja n'kumene kukundiletsa kuwamasula. Mwendo wotere ukhoza kuwapereka pa matope oyamba. Tagwirizana kuti apitirize mchenga ndi chigubu kawiri pasabata, thumba la kachewere lisakwere panjinga yawo kufikira mwendo wovulala utayandikira mnzake, ndipo likadzayamba kukwera likhale la theka, potsetsereka azitsika n'kumakankha. Adzabweranso kumayambiriro kwa November, mvula isanagwe, atatenga kope ndi malamba onse atatu kuti tidzawayezenso pasikelo.